Volvo EX30 kapena BYD Atto 3? Ndithandizeni nzeru abale a ku Joni

NaBanda_Midrand
Moni nonse pagulu pano. Galimoto yanga yakalamba, mwezi ndi mwezi ikumandidyera ndalama ku galaja, ndiye ndatsimikiza mtima kuti ulendo uno ndigule yanyuwani ndipo ikhale yamagetsi. Ndasefa mpaka kutsala ziwiri: Volvo EX30 ndi BYD Atto 3. Ndimakhala ku Midrand, ntchito ndimagwira ku Rosebank, kupita ndi kubwerako ndi makilomita pafupifupi 50. Ndili ndi ana awiri, wamng'onoyo akadali wokhala pa kampando kake ka m'galimoto. Mtima ukukonda Volvo chifukwa cha maonekedwe ndi dzina, koma BYD ikuoneka yotakasuka. Amene muli nazo kapena munaziyendetsapo, ndiuzeni zoona zake. Zomwe amanena ogulitsa ndazimva kale.

Madala_wa_Randburg
Mayi, musanatifunse kuti iti, tiuzeni kaye komwe izigona usiku. Muli ndi galaja yanuyanu yokhala ndi magetsi, kapena mumaimika pabwalo la fulati?

Tchona1998
Nanga Disembala kumudzi mudzapita bwanji? Mudzatchaja pa Nyamapanda?

NaBanda_Midrand
A Madala, ndimakhala mu kompuleksi koma nyumba iliyonse ili ndi galaja yake yolumikizana ndi nyumba, mita ndi yogula mayunitsi. Nyumbayo ndi yathu, si ya lendi. A Tchona, za kumudzi ndaziganiza, ndiyankha posachedwa.

Wamawaya_Roodepoort
Funso la a Madala ndilo mwini nkhani. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a m'nyumba ndipo ndaikirapo anthu matchaja a pakhoma, ndiye ndifotokoze mwatsatanetsatane.

Mukalumikiza pa soketi wamba ya m'galaja, galimoto imakoka pafupifupi 2.3 kW. Ikagona maola 10 ndiye kuti yalowetsa mayunitsi 23, omwe pa magalimoto awiriwa angakuyendetseni makilomita oposa 120. Inu mumayenda 50 patsiku, ndiye ngakhale soketi wamba ikukwanirani. Koma sindingakulangizeni kudalira soketi yakale yomwe ili pa waya umodzi ndi giza kapena makina ochapira. Kukoka magetsi ochuluka usiku wonse tsiku ndi tsiku kumatenthetsa soketi yofooka. Ikitsani tchaja ya pakhoma ya 7 kW yokhala ndi waya wakewake kuchokera pa bodi, ndipo wokuikirani akupatseni satifiketi ya CoC, yotsimikizira kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo. Popanda pepala limeneli, moto ukabuka a inshuwalansi adzakuvutitsani. Tchaja imeneyo batire la 60 kWh imalidzaza kuchokera pansi m'maola pafupifupi 9.

China, lemberani kalata a body corporate, oyang'anira kompuleksi yanu, musanagule galimoto. Ngakhale galaja ndi yanu, waya ukamadutsa pakhoma lakunja amafuna chilolezo, ndipo ena amachedwa kuyankha.

Za ndalama: tinene kuti mumayenda makilomita 1,100 pamwezi. Pa mayunitsi 17 pa makilomita 100 alionse, ndi mayunitsi 187. Yuniti tiyiike pa R3.50, ikubwera cha m'ma R650. Galimoto ya petulo yomwa malita 8 pa makilomita 100 alionse ingafune malita 88, pa R21 ndi R1,850. Kumbukirani kuti mayunitsi amakwera mtengo mukagula ambiri mwezi umodzi, ndiye phindulo lichepako pang'ono.

MlongoWaKuThyolo
Achemwali, ine ndili ndi Atto 3 ya batire lalikulu la 60 kWh ndipo nanenso ndili ndi ana. Chomwe chinandikoka ndi malo. Buti yake ndi ya malita 440, ya EX30 ndi 318. Pa pepala kusiyanako kumaoneka kochepa, koma kaikeni choyendetsera mwana, thumba la ufa wa 25 kg ndi zikwama za kusukulu, mudzaona nokha. Kumbuyo pansi pake ndi posalala, mwana wamkulu amatambasula miyendo bwinobwino ngakhale wakutsogolo atabweza mpando.

Amalemba kuti imayenda makilomita 420 ikadzaza. M'tauni, pa mdipiti wa magalimoto wa pa M1 m'mawa, imayandikirako ndithu, chifukwa ukamaponda buleki mota imabweza mphamvu mu batire. Koma mukakwera N1 n'kukhazikika pa 120, muziwerengera ochepera apo kwambiri, ine ndimaika 300 m'mutu. Zimenezi ndi magalimoto onse amagetsi, mphepo ndi yomwe imadya batire.

M'kati mwake muli zokongoletsa zomwe ena sazikonda, monga zingwe za pa zitseko zolira ngati gitala ndi sikirini yotembenuka. Wamng'ono wanu adzaziimba njira yonse, konzekani.

Kabaza_Sandton
Atto 3 ndi galimoto yabwino yotengera ana, koma pa kayendedwe musaiyerekeze ndi EX30. Yotsika mtengo kwambiri ya Volvo ili ndi 200 kW ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo, pomwe Atto 3 ili ndi 150 kW yokoka ndi akutsogolo. Ya mamota awiri ndiye 315 kW, imafika 100 m'masekondi 3.6. Ndipo pa tchaja yothamanga EX30 ya batire la 69 kWh imalandira kupitirira 150 kW, Atto 3 siifika n'komwe 90. Pa ulendo wautali kusiyana kumeneku ndi kwa nthawi yomwe mukhale pansi kudikira.

MlongoWaKuThyolo
Masekondi 3.6 pa haiwe ya N1 pakati pa Allandale ndi Buccleuch 7 koloko m'mawa? Achimwene, pamenepo ngakhale wa njinga amakupitirirani.

Kabaza_Sandton
Sindikunena zothamangitsana. Mphamvu imathandiza polowa mu haiwe ndi popitirira lole. Komanso kuno tili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, injini ya petulo yopanda tebo imataya mphamvu chifukwa mpweya ndi wopepuka. Yamagetsi siitaya kanthu.

MlongoWaKuThyolo
Ndiye mfundo yomalizayo ikukomeranso yanga. Nayonso siipuma mpweya.

Gogo_Chatsika
Ine zamagetsizi sindizidziwa, koma mwana wanga tenga Volvo. Ndi ya ku Sweden, anthu aja amadziwa kupanga galimoto yolimba. Za ku China izi zangobwera dzulo.

Injiniya265
Agogo, pepani ndikonze pang'ono. Kampani ya Volvo Cars inagulidwa ndi Geely ya ku China mu 2010, ndipo ma EX30 oyamba ankapangidwa ku Zhangjiakou ku China komweko, asanayambenso kuwapanga ku Ghent ku Belgium mu 2025. Kamangidwe ndi malamulo a chitetezo ndi a ku Sweden, koma pansi pake ndi pa Geely. Naye BYD sanayambe dzulo, anayamba mu 1995 ku Shenzhen monga kampani yopanga mabatire, magalimoto anabwera pambuyo. Pa mayeso a ngozi a Euro NCAP onse awiri anapeza nyenyezi zisanu. Chomwe agogo akunena choona n'chakuti kuno ku South Africa Volvo ndi wakale, ali ndi magalaja omwe anthu amawadziwa, pomwe BYD anafika mu 2023 ndi Atto 3 yomweyi ndipo akadali kufutukula malo ogulitsira ndi okonzera. Funsani mbali zonse kuti bampala kapena galasi lakutsogolo likasweka mudikira nthawi yaitali bwanji, ndipo funsani okonza magalimoto ochita ngozi, osati ogulitsa.

Gogo_Chatsika
Zikomo mwana wanga, sindinkadziwa kuti anagulitsa.

Sisi_Nyasa
Palibe watchula chomwe chinandibweza ine pa EX30. Kutsogolo kwa chiwongolero kulibe kalikonse. Liwiro umaliwerenga pa sikirini ya pakati, magalasi a m'mbali umawasuntha pa sikirini, ngakhale kabokosi kosungira mapepala kamatsegulidwa pa sikirini pomwepo. Mabatani otsitsira mawindo ali pakati ndipo ndi awiri okha, ukafuna akumbuyo uyambe wadina pena. Kwa mayi amene akuyang'ana msewu, mateksi odulira kutsogolo ndi mwana wolira kumbuyo, ine ndikuona kuti n'zochulukitsa ntchito ya maso.

Kabaza_Sandton
Zimazolowereka sabata imodzi. Magalasi mumasuntha kangati pachaka?

Sisi_Nyasa
Kwathu galimoto timayendetsa anthu awiri osiyana msinkhu, ndiye tsiku lililonse.

Dalaivala_wa_Tete
Ndibwerere ku funso la a Tchona chifukwa msewu umenewu ndi ofesi yanga. Kuchoka Joni kukafika Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700. Gawo loyamba, N1 kudutsa Polokwane mpaka Musina, ndi loposa 500, ndipo mbali ino matchaja othamanga alipo m'malo ena omwetsera mafuta ndi m'mamolo. Vuto liyamba mukaoloka Beitbridge. Kuchoka pamenepo kudutsa Masvingo mpaka Harare ndi pafupifupi 580, kuposa momwe iliyonse mwa ziwirizi ingayendere osatchaja. Kenako Nyamapanda, Changara, Tete, Zobue, kulowa Mwanza. Ine m'njira monsemo sindinaonepo tchaja yothamanga yomwe ndingauze mlongo wanga kuti aidalire ali ndi ana m'galimoto. Mukhoza kupempha soketi pa malo ogona, koma soketi wamba kudzaza batire lonse ndi tsiku lathunthu ndi kuposerapo, magetsinso akhale kuti alipo. Onjezani kutentha kwa ku Tete mu Disembala, kokakamiza kuyatsa chozizitsira njira yonse, ndi katundu yemwe timanyamula popita kwathu.

Komanso zonse ziwiri zimabwera ndi kabotolo komatira tayala m'malo mwa sipeya. Tayala likang'ambika m'mbali pa dzenje, kabotolo kameneko sikathandiza. Ngakhale muno m'tauni momwe maenje achulukiramu, ganizirani zimenezo.

Ngati galimoto ili pa ngongole, kutuluka nayo dziko kumafunanso kalata ya banki ndi ya inshuwalansi. Ndiye mayi, ngati iyi ndi galimoto yokhayo pakhomo ndipo mumapita kumudzi pa msewu, musagule iliyonse mwa ziwirizi.

NaBanda_Midrand
Zikomo a Dalaivala. Abambo akunyumba ali ndi pikapu ya dizilo, ndiyo timapitira kumudzi ndipo sitikuigulitsa. Yangayi ndi ya kuntchito, kusukulu, kutchalitchi ndi kukaona achibale ku Pretoria.

Tchona1998
Mukanatero poyamba. Ndiye ndilibe mawu.

AchimweneAkuSalima
Koma kunena zoona, ndi mizere ya mafuta yomwe timaipeza kwathu, tsiku lina yamagetsi idzaposa dizilo wa a Dalaivala. Ndinagona pa filing'i sitesheni ku Lilongwe ndili ndi ndalama m'thumba, mafuta osapezeka. Munthu wa sola padenga akanangondidutsa.

Injiniya265
Mfundo yanu ili ndi mutu. Magetsi akwathu ambiri amachokera m'madzi a Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, safuna ndalama zakunja monga mafuta. Koma ali pa mtsinje umodzi. Mukumbuke Januwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira dziko linataya pafupifupi 130 MW nthawi imodzi, anthu n'kukhala mumdima miyezi yambiri.

Tchona1998
Ndipo kumudzi kwathu mapolo a magetsi sanafike mpaka lero. Foni timakatchajitsa pa msika.

MaiBusa_Rosettenville
Poti mwatchula za kumudzi, alipo amene akunyamuka mwezi uno wodzera ku Dedza? Ndili ndi kakatundu ka mayi anga, mankhwala ndi zofunda.

Dalaivala_wa_Tete
Amayi busa, ndilembereni kumbali tikambirane.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za katundu zili ndi malo ake. Tibwerere kwa a NaBanda.

Akawunti_Fourways
Ine ndilankhule za thumba, chifukwa a Wamawaya awerengera mbali imodzi yokha. N'zoona kuti mupulumutsa mwina R1,200 pamwezi pa petulo, ndiponso kulibe kusintha oilo, mapulagi kapena lamba wa injini. Koma magalimoto awiriwa atangofika kuno mitengo yawo inkayambira cha m'ma R770,000. Ndalama yotere mukaitenga ku banki yonse kwa miyezi 72, mubweza pafupifupi R15,000 mwezi uliwonse, inshuwalansi isanalowe. Galimoto ya petulo ya msinkhu womwewo mukhoza kuipeza pa mtengo wotsika ndi R200,000 kapena kuposerapo, ndipo kusiyana kumeneko R1,200 ya pamwezi singakubwezereni msanga. Chimodzi chokweza mtengo ndi msonkho: yamagetsi yochokera kunja imalipira 25%, pomwe ya petulo yochokera ku Ulaya imalipira 18%, kenako pamabweranso msonkho wa katundu wapamwamba.

Sindikukuletsani. Ndikungofuna mugule mukudziwa kuti mukugula chifukwa mwaifuna ndipo mungakwanitse, osati chifukwa ikulemeretsani.

Zitatu zoti musamale. Ogulitsa akakuuzani kuti angatsitse ndalama ya pamwezi, nthawi zambiri akunena za baluni, ndiye kuti gawo lalikulu la ngongole alikankhira kumapeto. Pa galimoto yamagetsi zimenezi n'zoopsa kwambiri, poti mitundu yatsopano yotsika mtengo ikungofika ndipo yanuyo podzaigulitsa ikhoza kukhala yotsika kuposa ngongole yotsala. Chachiwiri, kwa ife alendo mabanki amakonda kuyang'ana tsiku lomwe pemiti ikutha, n'kufupikitsa zaka za ngongole kapena kufuna dipoziti yaikulu. Mchemwali wanga anamupatsa zaka zitatu zokha pa chifukwa chimenechi. Chachitatu, tengani mitengo ya inshuwalansi ya magalimoto onse awiri musanasaine. Funsani ngati akuteteza batire, tchaja ya pakhoma ndi matalala. Matalala a kuno mukuwadziwa, ndipo pa magalimoto awiriwa mitundu ina ili ndi denga la galasi.

NaBanda_Midrand
A Akawunti, apa mwandithandiza kwambiri. Mapepala anga ndi okhazikika ndipo ndasunga dipoziti yabwino ndithu. Za baluni anandiuzadi ndipo ndakana.

Bambo_a_Tadala
Bwanji osangotenga Corolla Cross ya haibridi? Imapangidwa ku Durban konkuno, masipeya ali paliponse, makaniko aliyense amaidziwa, simudandaula za Eskom ndipo mukhoza kupita nayo ku Mzimba.

Sisi_Nyasa
Mayiwa afunsa za ziwiri, inu mwabweretsa yachitatu.

Bambo_a_Tadala
Chifukwa ndikukumbuka 2023, magetsi akuzima maola ambirimbiri patsiku. Mwaiwala kale?

Wamawaya_Roodepoort
Sitinaiwale bambo. Chinali chaka choipitsitsa, ndipo zinayamba kupepuka kumapeto kwa Malichi 2024. Koma ngakhale nthawi imeneyo magetsi ankazima maola awiri kapena anayi kenako n'kuyaka. Galimoto yolumikizidwa usiku imangopitiriza yokha akabwera. Munthu woyenda makilomita 50 amafuna mayunitsi osakwana 10 patsiku, pa tchaja ya 7 kW ndi ola limodzi ndi theka. Chomwe ndimaopa ine ndi kubedwa kwa mawaya kapena kupsa kwa thiransifoma, pomwe dera limakhala mumdima masiku angapo. Njira yake ndi kusalola batire kutsika kwambiri, komanso kudziwiratu matchaja a GridCars kapena Rubicon omwe muli nawo pafupi. Mtengo wake pa yuniti ndi pafupifupi kawiri wa kunyumba, ndiye ndi othawirako chabe.

MlongoWaKuThyolo
Pamenepo mpomwe Atto 3 inandigwira mtima. Ili ndi chingwe chotulutsa magetsi kuchokera m'galimoto. Dera lathu litakhala mumdima, furiji, intaneti ndi nyale zinkayaka kuchokera m'galaja, nyama sinaonongeke. Achemwali, kafunseni ngati EX30 yomwe akukugulitsaniyo imachita zimenezi, ndipo akuonetseni ndi maso.

Injiniya265
Ndionjezere za mabatire poti zikukhudza momwe muzikhalira nayo. Atto 3 ili ndi batire la mtundu wa LFP, lomwe BYD amalitcha Blade. EX30 ya 51 kWh nayonso ndi LFP, koma ya 69 kWh ndi NMC. LFP ndi lolemera pa mphamvu yomwe limasunga, koma limapirira kutentha ndipo mukhoza kulidzaza mpaka 100% kawirikawiri. NMC limasunga zambiri m'malo ochepa, n'chifukwa chake EX30 yaikuluyo amailembera makilomita oposa 470, koma tsiku ndi tsiku amalangiza kulekezera pa 80 kapena 90%. Ndiye pa moyo wa masiku onse mtunda womwe muli nawo m'manja pa magalimoto awiriwa ukhala wofanana ndithu. Makampani onse awiri amatsimikizira batire kwa zaka 8, koma werengani malire a makilomita ndi mlingo womwe batire liyenera kufookera kuti akusinthireni.

Chenjerani poyerekeza mitengo. EX30 yotsika mtengo ndi ya batire laling'ono la makilomita pafupifupi 340. Kuti mufanane ndi Atto 3 ya 60 kWh muyenera kukwera pa ya 69 kWh, ndipo mtengo ukwera nawo.

Kabaza_Sandton
Koma pa ulendo wa ku Durban batire lalikululo limaoneka ntchito yake. Makilomita 570 pa N3, ine ndimaima pa Harrismith, ndikamamaliza kudya galimoto yakonzeka, ndipo potsika Van Reenen batire limachita kuwonjezeka. Pobwerera ndi chitunda, pamafunika kuimanso kwina.

Mphunzitsi_Soweto
Funso langa ndi lina. Timati yamagetsi siwononga chilengedwe, koma magetsi a kuno ambiri ndi a malasha a ku Mpumalanga. Utsi tangousamutsa kuchoka ku Rosebank kupita kwa anthu a ku eMalahleni.

Injiniya265
Aphunzitsi simukunama, malasha ndiwo amapereka gawo lalikulu kwambiri. Koma galimoto ya petulo idzamwa petulo mpaka kufa kwake, pomwe yamagetsi imayera pamodzi ndi gwero lake. A NaBanda akaika sola padenga, galimoto yomweyo yasintha chakudya.

Mphunzitsi_Soweto
Sola imagwira masana, galimoto masana ili ku Rosebank.

Wamawaya_Roodepoort
Loweruka ndi Lamlungu ili pakhomo. Mayunitsi a sabata yonse ya ntchito ndi osakwana 50, denga labwino lingathe kupereka gawo lalikulu la amenewo m'masiku awiri. Koma mu kompuleksi sola nayo imafuna chilolezo.

NaBanda_Midrand
Ndabwera ndi lipoti. Loweruka tinapita banja lonse kukayesa zonse ziwiri, ndinatenga kampando ka mwana ndi choyendetsera chake monga munanenera. EX30 imayenda mokoma kwambiri, yopepuka pokhota, ndipo kuimika ndi kosavuta poti ndi yaifupi. Ndikanakhala ndekha ndikanasaina pomwepo. Koma nditamanga kampando kumbuyo, abambo awo kutsogolo maondo anagunda, ndipo choyendetsera chinadzaza buti pafupifupi yonse. Wamkuluyo anadandaula kuti miyendo ilibe poponda bwino. Mu Atto 3 tonse tinakwana, buti n'kutsalako malo. Siithamanga ngati inzake ndipo pa mabampu imanjanja pang'ono, koma liwiro ndimaliona kutsogolo kwanga. Mtima ukadali ku Volvo koma ndikupendekera ku BYD. Chotsala ndi mitengo ya inshuwalansi ndi yankho la a body corporate, kalata ndatumiza kale.

Kabaza_Sandton
Ngati ndi Volvo yomwe mtima ukufuna, taonaninso EX40, ndi yaikulupo.

Akawunti_Fourways
Ndi yokweranso mtengo kwambiri, musawasokoneze. Mayi, funsaninso ngati ali ndi yoonetsera makasitomala yomwe yayenda pang'ono, amatsitsa bwino. Ndipo tchaja ya pakhoma ndi kuika kwake zilembedwe pa pepala la mgwirizano ngati akulonjezani, za pakamwa sizigwira.

Dalaivala_wa_Tete
Ndipo gulani tayala la sipeya ndi jeke, ngakhale lizikhala m'galaja kudikira maulendo a ku Pretoria.

Wamawaya_Roodepoort
Mayi NaBanda, jambulani bodi yanu ya magetsi chitseko chake chili chotsegula, komanso muyeze mtunda kuchoka pamenepo kufika pomwe galimoto imaima. Munditumizire kumbali ndione ngati buleka yaikulu ingapirire 7 kW pamodzi ndi giza ndi sitovu. Ikakhala yaing'ono tiika tchaja yodzichepetsa yokha nyumba ikamakoka kwambiri, ndipo a body corporate adzafuna kuona zimenezo pa pepala.